Mwendo Panja: Mmene Amamenyera Nkhonya ndi Wamanzere

Lowani mu jimu ya nkhonya muno mu Lusaka, kaya ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere, tsiku limene mnyamata wapatsidwa wamanzere woti ayeserane naye. Mudzamva kochi akukuwa mawu awiri mpaka pakhosi kuuma: "Mwendo panja! Mwendo panja!" Mnyamata uja amamva ndithu, amayesanso, koma nkhonya zimangomupezabe pamphuno. Belu likalira amabwerera pakona ali wefuwefu n'kunena kuti, "Ba kochi, nkhonya zake sinizionako." Ndipo sakunama. Sakuziona.

Malangizo a kochiyo ndi oona, ndipo ndiwafotokoza mmene amagwirira ntchito. Koma ndimaona kuti timawapereka ngati mbulu wa mutu, womeza kamodzi n'kuchira, pamene matenda a mnyamatayo ali m'maso. Maso saphunzira pa mphindi imodzi yopumira pakona.

Tiyambe ndi kaimidwe. Womenya nkhonya wamasiku onse amatsogoza phazi lamanzere ndi dzanja lamanzere. Dzanja lakutsogololo ndi la jabu, loyezera mtunda ndi kutsegulira njira, pamene lamanja limakhala kumbuyo pafupi ndi chibwano, kudikira nthawi yake. Wamanzere, amene olengeza pa TV amamutcha southpaw, amaima mosemphana: phazi lamanja ndi dzanja lamanja kutsogolo, lamanzere kumbuyo, ndipo mphamvu zake zili kumeneko. Tikamati wamanzere m'nkhani ino tikunena kaimidwe, osati dzanja lodyera nsima. Oscar De La Hoya ndi wamanzere pobadwa koma ankaima ngati wamanja, n'chifukwa chake huku yake yamanzere, nkhonya yokhota yochokera m'mbali, inali yoopsa chotero. Vasiliy Lomachenko ndi wamanja pobadwa koma m'bwalo amaima chamanzere. Wotsogoza phazi lamanzere uja ndizimutcha wamanja, kuti tisasokonezane.

Pa anthu 10 alionse, pafupifupi mmodzi ndiye amabadwa wamanzere. Kwathu kuno ambiri a iwo safika n'komwe ku jimu ali amanzere. Mwana akatema nsima ndi manzere, agogo amamumenya kadzanja. Kupereka ndalama kwa wamkulu ndi manzere ndi mwano, moni wa manzere ndiye osayerekeza. Amene wapulumuka zonsezi n'kufika ku jimu, makochi akale ankamutembenuza tsiku loyamba lomwelo, chifukwa iwowo sankadziwa kumugwirira mapadi, timapilo tovala m'manja toti wophunzira azimenyapo. Sizinali za kuno kokha. Kumaiko a azungu nakonso mamanejala ankathawa amanzere chifukwa ankachititsa manyazi anyamata awo. M'gulu la olemera kwambiri, Karl Mildenberger wa ku Germany ndiye wamanzere woyamba kulimbirana lamba wa dziko lonse, pamene anakumana ndi Muhammad Ali ku Frankfurt mu 1966 n'kumuvutitsa mpaka raundi ya 12. Panadutsa zaka zina 28 kuti wamanzere avale lamba ameneyo, pamene Michael Moorer anagonjetsa Evander Holyfield mu 1994.

Tsono werengani nokha. Wamanzere akalowa mu jimu Lolemba amayeserana ndi wamanja. Lachiwiri wamanja, Lachitatu wamanja, chaka chonse. Nkhonya iliyonse imene inu mungaponye anaiona kale kambirimbiri, amadziwa kumene imachokera ndi kumene imathera. Inuyo mwina mwakumana ndi wamanzere katatu kapena kanayi chiyambireni. Iye ali pakhomo pake, inu ndinu mlendo. Amene anawolokapo pa Kasumbalesa kulowa ku Congo akudziwa zimene ndikunena. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, kumeneko kumanja. Munthu amauzidwa, amavomera, amadziwa bwinobwino m'mutu mwake, koma akafika pamsewu khosi limatembenukira kumene linazolowera, galimoto n'kutulukira kwina. Mnyamata uja maso ake anaphunzira kuti nkhonya yoopsa imachokera mbali yakumanzere kwake, kumene kuli dzanja lamanja la mnzake. Lero ikuchokera mbali yakumanja.

Nanga za mwendo panjazo n'zotani? Imirirani ndi mnzanu pabalaza, inu mutsogoze phazi lamanzere, iye lamanja. Muona kuti mapazi anu akutsogolo ali mbali imodzi, akuyang'anizana ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi. Amanja awiri akamamenyana, mapazi awo amasemphana ndipo aliyense ali ndi kanjira kake. Apa kanjira n'kamodzi. Mukayandikirana, phazi la wina liyenera kudutsa kunja kwa la mnzake, la winayo n'kutsalira mkati. Sunthani tsono phazi lanu lamanzere lipite kunja kwa phazi lake lamanja, pang'ono chabe, ngati kutalika kwa nsapato. Taonani phewa lanu lamanja. Lalunjika pakati penipeni pa magolovesi ake, pamene pali chibwano. Mukatambasula dzanja lamanja lifika popanda chopinga. Taonaninso dzanja lake lamanzere: kuti likufikeni liyenera kudutsa chopingasa pathupi pake, ulendo wautali, ndipo mutu wanu wachoka kale panjira yake. Chinsinsi chonse cha mawu a kochi aja n'chimenechi. Phazi likakhala panja, dzanja lanu lamphamvu lili pamsewu, lake lili m'tchire.

Vuto n'lakuti galasi silikondera. Zonse zimene mwendo panja umakupatsani inu, umamupatsanso iye akatsogola kuuika, ndipo kochi wake wakhala akumukuwira mawu omwewo kuyambira ali mwana. Ndiye mumaona anyamata awiri akupondana, kulumphana mapazi ngati akuvina, raundi n'kutha popanda nkhonya yooneka. Woyamba kumene amafika mpaka poweramitsa mutu kuti aone pamene phazi lili. Ndinamvapo kochi wina akufunsa mnyamata wake kuti, "Iwe mufana, uyangana chani pansi? Wataya ndalama?" Anthu anaseka, koma funsolo ndi lolemera, chifukwa nthawi imene maso ali pansi ndi imene dzanja lamanzere limanyamuka.

Cholakwika chachikulu n'kuganiza kuti panja ndi malo okhalapo. Ayi, ndi pakhomo podutsira. Palibe wamanzere wodziwa ntchito amene angakulekereni phazi lili panja kwa masekondi atatu. Amangotembenuka pang'ono pa phazi lake lakutsogolo, mwayi wanu watha. Phazilo liyenera kufika panja nthawi yomweyo imene dzanja lamanja likunyamuka, ziwirizo zichitike ngati chinthu chimodzi. Ndipo sitepeyo iyenera kubisidwa. Mukaponda poyera, manja ali duu, iye amaona ndipo amakulandirani. Muponde kuseri kwa jabu, kapena kuseri kwa kabodza ka phewa, kapena nthawi imene iye akuponya jabu yake, poti munthu amene akuponya nkhonya phazi lake limakhala litakhazikika kwa kanthawi. Kufika panja osaponya kanthu kuli ngati kufika pachigayo chimanga mwasiya kunyumba.

Langizo lachiwiri limayenda ndi loyambalo: zungulira chakumanzere kwako, uthawe dzanja lake lamanzere. N'zomveka. Koma pamene mukuthawira kumanzereko, mukulunjika kumene kuli dzanja lake lamanja, ndipo wamanzere wophunzira amakhala ndi huku yamanja imene anaisungira anthu othawira kumeneko. Nkhonya imeneyi imadutsa pamwamba pa phewa lanu lamanzere, kumbali kwa diso, kumene simukuyang'ana chifukwa mtima wonse uli pa manzere aja. Anthu amakumbukira mmene wamanzere Manny Pacquiao anakomolera Ricky Hatton ndi dzanja lamanzere mu raundi yachiwiri mu 2009, koma amaiwala kuti nkhonya yoyamba kumugwetsa Hatton, mu raundi yoyamba, inali huku yamanja. Kochi wake, Freddie Roach, anatha zaka akusula dzanja lamanjalo chifukwa adani onse anali ataloweza kuthawa lamanzere. Choncho zungulirani kumanzere, inde, koma golovesi yamanzere ili m'mwamba, chibwano chili kuseri kwa phewa. Ndipo nthawi zina pitani kumanja dala, muli patali poti sangakufikeni, kuti asamakuwerengeni ngati ndandanda ya basi.

Tibwere ku jabu, imene ambiri amaitaya akangoona wamanzere. Amaitaya chifukwa siigwira monga mwa masiku onse. Manja akutsogolo ali mbali imodzi, ndiye jabu ikanyamuka imagunda golovesi ya mnzake isanafike kunkhope. Mnyamata akayesa katatu osaphula kanthu, amaleka, n'kuyamba kusaka ndi dzanja lamanja lokha. Apo wagonja kale. Pakati pa manja awiri akutsogolowo pali nkhondo yakeyake, ndipo amene dzanja lake lili pamwamba ndiye mwini mudzi. Mukakanikizira golovesi yake pansi, jabu yanu idutsa pamwamba, kapena dzanja lamanja lipeza khomo lotsegula. Mukailekerera kuti izikhala pamwamba pa yanu, izikuphimbani maso, izikuyezani mtunda, ndipo kumbuyo kwake kukubwera manzere.

Amene akufuna kuona nkhondo ya manja imeneyi aonere wamanzere Oleksandr Usyk ndi wamanja Anthony Joshua, nkhonya ya ku London mu September 2021. Joshua anali wamkulu thupi, wamtali, wamanja ataliatali. Koma dzanja lamanja la Usyk silinapume: kugogoda, kukhudza, kunamiza, mutu ukuyenda uku ndi uku, phazi likusuntha. Joshua anatha maraundi ambiri akuyankha mafunso a dzanja limenelo m'malo mofunsa ake, ndipo malamba anapita. Atabwerezana ku Jeddah mu 2022, nthawi imene Joshua anaoneka woopsa kwambiri inali raundi ya 9, ataleka za mpikisano wa nzeru n'kuyamba kumenya m'nthiti. Usyk anabwerera mwamphamvu mu raundi ya 10 n'kupambananso, koma phunziro linaoneka: munthu woyenda kwambiri mutu wake umasowa, thupi silisowa.

Jabu ya kwa wamanzere siifunika kugunda nkhope nthawi zonse. Igunde golovesi, igunde phewa, igunde pachifuwa. Ntchito yake ndi yakuti iye asakhazikike n'kuyamba kusankha nkhonya ngati akusankha tomato pa Soweto Market.

Tsopano dzanja lamanja, limene aliyense amalitcha mankhwala a wamanzere. Chitsanzo chimene makochi amakonda ndi cha George Foreman. Mu November 1994, ku Las Vegas, Foreman ali ndi zaka 45 anakumana ndi Michael Moorer uja. Kwa maraundi 9 Moorer anamenya mkuluyo mmene anafunira, ndipo anali patsogolo pa makadi a oweruza onse atatu. Koma pang'onopang'ono anayamba kuima kutsogolo kwake, pamzere weniweni wa dzanja lamanja. Mu raundi ya 10, jabu, kenako dzanja lamanja lalifupi pachibwano, Moorer chagada. Nkhani yokoma, koma ine ndimaiopa ikamakambidwa kwa achinyamata, chifukwa amatengapo phunziro lolakwika, loti ukhoza kudyetsedwa nkhonya usiku wonse n'kudzawombola ndi imodzi. Foreman anali ndi chibwano ndi mphamvu zimene ambirife tilibe.

Chitsanzo chimene ndimakonda ine ndi cha Juan Manuel Márquez wa ku Mexico, chifukwa chimaonetsa mtengo wake wa nkhonya imodziyo. Anakumana ndi Pacquiao koyamba mu 2004. Mu raundi yoyamba yokha anagwa katatu. Katswiri wodziwika, wamalamba, koma manzere aja sankawaona, chimodzimodzi mnyamata wathu wa ku Chawama. Anadzuka, anayamba kuwerenga, ndipo nkhonyayo inatha osapezeka wopambana. Anakumananso mu 2008, Pacquiao anapambana mwa mapointi pang'ono zedi. Mu 2011 chimodzimodzi, anthu ambiri n'kumadandaula ndi chigamulo. Pofika mu December 2012, Márquez anali atakhala m'bwalo ndi munthu ameneyu maraundi 36. Ankadziwa mmene Pacquiao amalowera: kabodza ka jabu, kudumphira kutsogolo, manzere kumbuyo kwake. Mu raundi yachitatu anamugwetsa ndi dzanja lamanja lozungulira pamwamba. Mu yachisanu iye mwini anagwa, mphuno ikutuluka magazi. Ndiye mu raundi ya 6, patatsala sekondi imodzi kuti belu lilire, Pacquiao analowa monga amalowera, Márquez anachotsa mutu pamzere, dzanja lamanja n'kukumana naye panjira. Pacquiao anagwa chafufumimba osadzukanso mpaka refa kuimitsa. Akuluakulu anati nkhonya yobwezera kuwawa, ndipo apa kuwawako kunachokera poti mphamvu zinali za anthu awiri, za womenya ndi za wolowayo. Koma onani kuti dzanja lamanja limenelo Márquez anali nalo kale mu 2004. Chimene analibe nthawi imeneyo ndi maso, ndipo anawagula ndi zaka 8.

Kaponyedwe kake kali ndi malamulo ochepa koma osakhululuka. Mtunda pakati pa wamanja ndi wamanzere umakhala wotalikirapo, chifukwa mapazi akutsogolo amatsekerezana, ndiye pamakhala chiyeso chodziponya n'kugwera kutsogolo. Mukatero n'kuphonya, mwadzipereka. Phazi liyambe, dzanja litsatire, thupi likhale pakati pa miyendo. Pamene dzanja likupita, mutu upite chakumanzere, chifukwa kawirikawiri iye akuponya manzere nthawi yomweyo ndipo nkhonya ziwirizo zimadutsana m'njira. Amene mutu wake watsalira pakati ndiye amagona. Mukamaliza musabwerere m'mbuyo molunjika, muli chilili ngati mlongoti. Tulukirani kumanzere, kapena tsekerani ndi huku yamanzere, kapena lowani mkati mumugwire. Wladimir Klitschko anaphunzira zimenezi ku Hannover mu 2003 kwa Corrie Sanders wa ku South Africa, wamanzere wa manja achangu amene anamugwetsa kanayi nkhonya n'kutha mu raundi yachiwiri. Klitschko anali wamtali, woima mowongoka, ndipo manzere a Sanders ankangoyenda mumsewu wopanda chopinga.

Ndiponso dzanja lamanja lisamapite kumutu kokha. Liyambe pachifuwa ndi pamimba. Pachifuwa saphonya kawirikawiri, ndipo munthu wogundidwa pachifuwa amaima kaye, manzere ake n'kuchedwa. Akayamba kutsitsa zigongono, chibwano chatseguka.

Pali chinthu china cha m'thupi chimene anyamata ambiri sanauzidwe. Chiwindi chili mbali yakumanja, pansi pa nthiti zomalizira. Amene anagundidwapo pamenepo amadziwa kuti kulimba mtima sikuthandiza: pamapita kamphindi, kenako miyendo imangokana. Mukaima ndi wamanzere, mbali yanu yakumanja yayang'ana dzanja lake lamphamvu, ndiye chigongono chanu chamanja chisamayendeyende. Koma nayenso chiwindi chake wachitsogoza, chili pafupi ndi dzanja lanu lamanzere. Mukalewa jabu yake n'kupendekera kunja, huku yamanzere ya m'nthiti ili pomwepo. Samalani kuti isazungulire kumsana kapena kutsika pansi pa lamba, refa angakudyereni pointi. Huku yomweyo ikapita kumutu, podutsa pamwamba pa jabu yake yaulesi, ndi nkhonya imene amanzere ambiri amadana nayo kuposa dzanja lamanja, poti nawonso maso awo amakhala pa dzanja lanu lakumbuyo. Wamanzere wokonda kudumphira mkati, mulandireni ndi huku imeneyi uku mukuzungulira pa phazi lamanzere ngati chitseko pa mahinjesi ake, iye apitirire yekha kukagunda zingwe.

Nanga phazi likatsalira mkati, zatha? Makochi ena amakuwa ngati nyumba yapsa. Ine sindiona choncho. Phazi likakhala mkati, ndi dzanja lanu lakutsogolo limene lalunjika pakati pa magolovesi ake, ndiye jabu imalowa bwino, ngakhalenso nkhonya yamanzere yochokera pansi. Choopsa n'chakuti mwaima pamzere wa manzere ake, ndiye mkatimo ndi mogwira n'kuthawa: golovesi yamanja ili patsaya, jabu phaa, mwatuluka. Mnyamata amene amadziwa chochita phazi likakhala mkati samenyananso nkhondo ya mapazi ndi mantha, ndipo wopanda mantha ndiye amaipambana kawirikawiri.

Za mitu ndi kupondana sindichedwapo. Onse awiri akamaponya manja akumbuyo, mitu imapendekera mbali imodzi, ndiye kugundana mitu kumachuluka kuposa pa nkhonya ya amanja okhaokha. Chikope chikang'ambika mwangozi, m'malamulo ambiri a nkhonya zaukatswiri amapita ku makadi ngati maraundi anayi atha, kutanthauza kuti amene anayamba mwaulesi akhoza kuluza asanayambe n'komwe ntchito imene anakonzekera. Lowani golovesi ili kutsogolo kwa chipumi. Mukapondedwa phazi musayang'ane kwa refa kudandaula. Refa mwina sanaone, koma mnzanuyo waona kuti mwayang'ana kumbali.

Ena amati njira yachidule n'kutembenuka nawenso uime chamanzere. Amaloza Terence Crawford, amene anaima chamanzere pomenyana ndi Errol Spence, amene ndi wamanzere, mu 2023, n'kumumaliza mu raundi ya 9. Koma Crawford wakhala akuima mbali zonse ziwiri kuyambira kale, si zoyambira tsiku la nkhonya. Munthu amene sanazolowere akatembenuka amataya chitetezo chonse chimene thupi lake linaloweza, miyendo imapingana, ndipo nthawi yotembenukayo amakhala ndi mapazi pamzere umodzi, kamphepo kokha kamugwetsa. Ngakhale akatswiri zimawapweteka. Marvin Hagler, wamanzere woopsa wa nthawi yake, anayamba nkhonya yake ndi Sugar Ray Leonard mu 1987 ataima chamanja, n'kutaya maraundi oyambirira pa nkhonya imene inadzatha ndi kusiyana kochepa kwambiri. Anasiya dala chinthu chimene chikanamuvutitsa Leonard.

Zonse ndafotokozazi munthu akhoza kuziloweza madzulo amodzi. Kuziika m'thupi ndiye ntchito, ndipo apa m'pamene majimu athu amapunthwa. Thumba lolendewera lilibe phazi lakutsogolo. Kochi akamagwira mapadi ataima chamanja miyezi yonse, n'kudzatembenuka sabata yomaliza, mnyamata waphunzira dzina la vuto, osati vutolo. Kochi ayenera kuzolowera kuima chamanzere, phazi lake lamanja likulimbirana malo ndi la mnyamata, padi yamanzere ikubwera kunkhope nthawi iliyonse imene mutu watsalira pakati. Ndipo izi zizichitika sabata iliyonse, kaya pali nkhonya ya wamanzere kaya palibe. Kuuza wamanja kuti "imako chamanzere umuthandize mnzako" n'kwabwino kuposa kusowa, koma ndi ndiwo za madzi. Wamanzere wongobwereka alibe kayendedwe kake, alibe huku yamanja ija, ndipo amapatsa mnyamata chikhulupiriro chabodza.

Dziko lino si lachilendo pa nkhonya. Lottie Mwale anatenga lamba wa Commonwealth mu 1979, Keith Mwila anabweretsa mendulo yoyamba ya Zambia ya Olympics kuchokera ku Los Angeles mu 1984, Esther Phiri anadzaza mabwalo, Catherine Phiri anakatenga lamba wa dziko lonse wa bungwe la WBC ku Mexico mu 2016. Koma omenya nkhonya athu ndi ochepa, ndipo mukawagawa m'magulu a kulemera, n'kufunanso wamanzere mwa iwo, mumatsala ndi anthu owerengeka pa zala. Kwa atsikana ndiye zovutirapo. Choncho wamanzere mu jimu ndi chuma. Kochi amene wapeza mwana woima chamanzere mwachibadwa asamutembenuze. Amusunge, chifukwa akuphunzitsa jimu yonse kwaulere. Ndipo kochi amene alibe, ameze kunyada, akweze anyamata ake minibasi apite nawo ku jimu ya mnzake kutsidya la tauni. Makochi athu ena amabisirana anyamata ngati akubisa mkazi, kuopa kuti mnzawo aona zinsinsi. Chinsinsi chanji, poti mnyamatayo akagwa raundi yoyamba pamaso pa anthu onse?

Kwa omenya nkhonya zosalipidwa, amene ndi ambiri mwa achinyamata athu, nkhaniyi ndi yothina kwambiri. Márquez anagwa katatu n'kukhalabe ndi maraundi 11 oti akonze zinthu. Ku mpikisano wa achinyamata kuli maraundi atatu okha a mphindi zitatu, ndipo mdani umamudziwa maere akachitika, mwina kutatsala tsiku limodzi. Ukataya raundi yoyamba ukuzolowera maso, watsala ndi ziwiri zoti upambane zonse. Palibe nthawi yophunzirira m'bwalo. Zimene sunaone ku jimu suziona kumeneko.

Ndiye pakona kochi anene chiyani, mphindi ili imodzi, mnyamata akupuma ngati mvukuto? Osati zonse zimene ndalemba pano. Mutu wogundidwa sunyamula katundu wambiri. Chinthu chimodzi, chooneka, chimene mnyamatayo angachite belu likangolira. Ngati akudya manzere chifukwa chobwerera molunjika, mawu ndi akuti atulukire kumanzere, basi. Ngati wataya jabu, amuuze agunde golovesi. Ndinaonapo kochi wina wachikulire, tsiku loyeserana, mnyamata wake atabwera ndi dandaulo lomwe lija loti sakuziona. Mkuluyo sanakuwe za mwendo. Anamupukuta nkhope, anamumwetsa madzi, n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, leka kufuna mutu wake. Raundi ino menya pachifuwa chabe, na right. Pachifuwa." Mnyamata anati, "Ba kochi, nanga mwendo?" Mkulu uja anangomukankhira m'bwalo. Kuti dzanja lamanja lifike pachifuwa pa wamanzere, phazi limayenera kupita panja lokha, ndipo linapitadi, mwini wake osaliyang'ana. Raundi imeneyo anadyabe manzere awiri kapena atatu, koma lachitatulo analiona likubwera, analewa mochedwa, linangomupala khutu. Atatsika, mkuluyo anapita kwa kochi wa wamanzere uja kukapempha kuti abwerenso naye Lachinayi.